Amuna Anga pa Sikelo ya Fodya

Pa esiteti imene amuna anga ankagwirapo ntchito ya ukapitawo, kufupi ndi Chamama, panali chizolowezi chimene sindinachionepo kwina kulikonse. Belo lomaliza la fodya likapanikizidwa mu jeke, chipangizo chomangira mabelo, n'kusokedwa, n'kuyezedwa, sikelo sankaichotsa nthawi yomweyo. Inkatsala ili lende pa mtanda wa shedi, ndipo amuna onse, kuyambira matenanti mpaka alonda, ankalowa mmodzimmodzi m'chiguduli n'kupachikidwa pa sikelopo ngati belo. Wina ankawerenga makilo mofuula, anthu n'kumafa ndi phwete. Wopepuka ankamuseka kuti mkazi wake amamaliza yekha ndiwo kukhitchini. Wolemera kuposa onse ankamunyamula m'mwamba, koma nthungululu za amayi zinkapita kwa mkazi wake.

Chaka chimene ndikunenachi nthungululuzo zinali zanga. Ndinali nditangoweruka kusukulu kumene ndinkaphunzitsa masamu, choko chidakali m'zala, ndipo ndinaima chapatali chifukwa fumbi la fodya limandiyetsemulitsa. Amuna anga atalowa m'chiguduli, mtanda unalira.

"Eyite-faifi!" anakuwa wowerenga uja.

Kenaka analowa mlamu wanga, mng'ono wawo wa amuna anga, amene ankayendetsa thalakitala pa esiteti pomwepo. Nayenso sikelo inaima pa 85. Panabuka mkangano wocheza, koma sunachedwe kutha. Anthu anati makilo a mlamu ndi mafupa okhaokha, pakuti iye ndi wamtali wochita kuwerama polowa pakhomo, pamene amuna anga ndi aafupi, ndipo makilo awo ankaoneka ndi maso, m'khosi, m'masaya ndi pamimba. Anthu anayi ananyamula amuna anga akuchita kubuula, amayi n'kundizungulira ine. Ndinasangalala tsiku limenelo, sindinama.

Panalinso sikelo ina imene ndinkaiopa kuposa ya fodya: zala za apongozi anga, mayi awo a amuna anga. Iwo ankakhala ku Kaluluma, ndipo akabwera kudzationa, asanafunse n'komwe kuti tadzuka bwanji, ankagwira mwana wawo pamkono, pakati pa chigongono ndi phewa, n'kufinya monga amachitira munthu wogula mbuzi. Zala zikamira m'mnofu, ankatembenukira kwa ine. Chichewa chawo n'chosakanikirana ndi Chitumbuka, monga anthu ambiri a kumeneko, ndipo ine ankanditcha mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wawo.

"Mkamwana wane, mukugwira ntchito," ankatero. Akatero ndiye kuti ulendo wonsewo tikhala mwamtendere.

Mutu unayamba kuwavuta amuna anga mvula itangoyamba. Poyamba ankati ndi dzuwa, kenaka anati ndi fungo la feteleza. Akawerama kuti amange nsapato, ankadzuka maso ali psuu, akupumira m'mwamba. Tsiku lina m'mawa akukwera njinga yawo yamoto, anangoti dzandi, n'kukhala pansi pafumbi, magazi akutuluka m'mphuno. Ndinaitana mlamu, ndipo tinawatengera kuchipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu, iwo akukana njira yonse kuti palibe chimene chachitika.

Namwino amene tinamupeza anali mayi wachikulire wosathamanga polankhula. Anawamanga lamba wopopera mpweya pamkono, n'kuyang'ana makinawo kanthawi, kenaka anabwerezanso. Anati magazi awo akuthamanga kwambiri. Atatero anawauza kuti avule nsapato, akwere pa sikelo, kenaka aime msana utagunda thabwa loyezera msinkhu.

"Mayi, ine ndabwera ndi mutu," anatero amuna anga. "Sindinabwere kudzalembedwa usilikali."

Namwinoyo sanaseke. Anati makilo paokha sanena zambiri, chifukwa zimatengera kuti makilowo akusenzedwa ndi thupi lalitali bwanji. Anafotokoza kuti amatenga makilo a munthu n'kuwagawa ndi msinkhu wake wa m'mamita, atauchulukitsa ndi msinkhu womwewo, ndipo nambala imene imatuluka amaitcha BMI. Analoza tchati cha pakhoma chimene chinali ndi mbali yobiriwira, yachikasu ndi yofiira.

"Nambalayi ikakhala kuyambira 18 ndi theka osafika 25, thupi lili pamuyeso, apa pobiriwirapa. Ikafika 25, munthu wayamba kupyola. Ikafika 30, walowa pofiira, ndipo mtima umagwira ntchito yoposa imene unayenera kugwira. Bambo, msinkhu wanu ndi mita imodzi ndi masentimita 60, makilo 85. Nambala yanu ndi 33."

Mlamu, amene sakhala chete pamalo pamene pali sikelo, anavula nsapato nayenso n'kupempha kuti amuyeze. Makilo anali omwe aja, 85. Nambala yake inatuluka 24 ndi kakuti, pobiriwira. Ndinaona nkhope ya amuna anga ikusintha.

"Ndiye mukuti bwanji?" anafunsa mokweza. "Sikelo imodzimodzi, makilo amodzimodzi, mimba yotibereka imodzi. Uyu ali bwino, ine ndikufa? Tchati chanucho n'cha azungu."

"Nambalayi siuza zonse, bambo," anayankha namwinoyo. "Munthu wonyamula mabelo tsiku lonse akhoza kukhala ndi nambala yokwera chifukwa cha minofu yolimba, osati mafuta."

"Eya, ndiye ine ameneyo."

Namwinoyo anatenga tepi ya atelala n'kuwazunguliza pamchombo. Anayang'ana pamene tepiyo inakumana, n'kuyang'ana ine. Ine ndinanena zimene aliyense pa esiteti ankazidziwa, kuti chipatsidwire njinga yamoto amuna anga anali asananyamulepo ngakhale mtolo umodzi wa fodya. Anandiyang'ana ndi diso loti tikakambirana kunyumba. Tinatuluka ndi botolo la mapiritsi oti azimwa m'mawa uliwonse, ndi malangizo oti achepetse mchere, mafuta ndi shuga, ndiponso kuti aziyenda pansi.

Kunyumba sanandikalipire. Anangokhala pakhonde ndwii, malaya a magazi aja adakali pathupi. Ine ndine mphunzitsi, ndipo chinthu chimene sichinamveke chimandiyabwa mpaka chitamveka. Ndinakhala pambali pawo.

"Bambo a ana, fodya woyenera belo lalikulu mukamupanikizira m'bokosi laling'ono, makilo ake amasintha?"

"Sasintha."

"Nanga fodyayo amatani?"

Anayankha ngati akulangiza tenanti watsopano. "Amaphwanyika, amamatirirana, amatentha m'kati. Ku okushoni amabweza."

Madzulo amenewo anamwa tiyi wa shuga wochepa akuchita kukwinya nkhope, ndipo m'mawa mwake njinga yamoto inatsala pakhonde.

Miyezi yotsatira inali yovuta, koma inali yathu. Amuna anga anazolowera kudya masana pa chiwaya ku Chamama, chipisi ndi kanyenya wa nkhumba, n'kutsitsira ndi chakumwa chozizira cha m'botolo. Ndinayamba kuwalongedzera chakudya cha kunyumba. Ndinkaphika nyemba, bonongwe, nkhwani zotendera, usipa, ndipo mafuta ndinkayeza ndi sipuni m'malo mopungulira kuchokera m'botolo. Ufa woyera ndinausiya, n'kumagayitsa mgaiwa. Ankadandaula kuti ndawasandutsa mbuzi, koma mbale ankabweza yopanda kanthu. Ku zigafa zoumitsiramo fodya ankapita wapansi, podutsa m'minda, n'kubwerako thukuta lili kamukamu. Mutu uja unasiya. Tsiku lina ndinawapeza akuboola lamba wawo ndi msomali, akuimba mluzu.

Mphekesera zinandipeza pa mjigo. Mayi wina, mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe, amene masiku onse ankandipatsa moni akuseka, tsiku limenelo anagwada pang'ono n'kutsitsa mawu.

"Abwana akupeza bwanji?"

"Ali bwino kwambiri," ndinatero.

"Zikomo. Tikuwapempherera."

Ndinasenza ndowa yanga n'kubwerera kunyumba. Patangopita masiku ochepa, mphunzitsi mnzanga anandikokera pambali nthawi yopuma, n'kundigwira dzanja mwachikondi. Anati masiku ano mankhwala alipo, anthu akukhala ndi moyo zaka zambiri, ndisamachite manyazi. Ndinamuthokoza ndi mawu amene sindingawalembe pano. Kuno kwathu munthu wonenepa akayamba kuonda, anthu amaganiza chinthu chimodzi chokha, kachilombo. Ine ndi amuna anga tinali titayezetsa magazi limodzi ndipo tonse tinalibe, koma zimenezo munthu sungazilembe pachipumi. Amene sanaganize za matendawo anali ndi nkhani yawo: ankati aphunzitsi awaika abwana m'botolo, ndiye akuwalamulira mpaka m'mbale.

Amuna anga ankamva zonsezi, koma ankangoti anthu ndi anthu. Chimene chinawathyola ndi sikelo ya fodya. Nyengo itatha, belo lomaliza litayezedwa, amuna anayamba kulowa m'chiguduli monga mwa masiku onse. Ine ndinaima pamalo panga paja, mtima uli dyokodyoko, chifukwa ndinkadziwa kuti atsika. Atapachikidwa, mtanda sunalire. Wowerenga uja anayang'ana sikelo, n'kuyang'ana anzake.

"Sevente-seveni," ananena chapansipansi.

Ndinawerengera m'mutu msangamsanga. Nambala yawo inali itatsika kufika pa 30, m'mphepete mwenimweni mwa pofiira paja, kutsala pang'ono kutulukamo. Nthungululu inali itafika kale pakhosi panga. Koma m'shedimo munali zii. Palibe anaseka, palibe anawanena kuti mkazi wawo amamaliza ndiwo, ndipo kusasekako n'kumene kunandiopsa. Akutuluka m'chiguduli, tenanti wina wokalamba anavula chipewa n'kuwayandikira.

"Pepani, abwana," anatero.

Amuna anga anadutsa pafupi ndi ine osandiyang'ana. Madzulo amenewo chakudya chawo chinazizira patebulo.

Sindikudziwa amene anatumiza uthenga ku Kaluluma. Loweruka lotsatira, masana, ndinangoona apongozi akutsika pa kabaza, kumbuyo kwawo kukubwera amalume awo a amuna anga, amene analinso nkhoswe ya ukwati wathu. Apongozi anapita molunjika kwa mwana wawo n'kumugwira pamkono paja. Anafinya kamodzi, n'kufinyanso. Sanatembenukire kwa ine.

Tinakhala pabalaza mazenera atatsekedwa kuti oyandikana nawo asamve, kutentha kuli tho. Nkhoswe ya mbali yanga inali kutali, kwathu ku Ntcheu, ndipo palibe anaiitana. Amalume anayamba mwaulemu, manja ali pamaondo.

"Mayi, ife sitinabwere kudzakangana. Tangomva kuti mwana wathu akutha, ndipo lero taona ndi maso. Tiuzeni chilungamo. Ndi matenda aja? Kapena pali chimene anakulakwirani, ndiye mukumulangira m'mbale?"

Ndinayesetsa kulankhula mofatsa. Ndinafotokoza za mutu, za magazi a m'mphuno, za mapiritsi. Ndinafotokoza za nambala ija, kuti mlamu ndi amuna anga ankalemera chimodzimodzi koma wina ndi wamtali, wina ndi wamfupi, ndiye katundu wofanana akumulemera mmodzi. Ndinanena kuti nambala yawo inali 33 ndipo tsopano yatsika, ndipo mutu unasiya. Ndikulankhula choncho ndinkadzimva ndekha kuti ndikumveka ngati ndili m'kalasi, ndipo ndinaona kuti mawu anga akungogwera pansi.

"Yayi," anatero apongozi akupukusa mutu. "Mwana wane ndinamubereka wopanda nambala. Ndinakupatsani munthu wathunthu. Taonani khosi lakelo, taonani malaya akungolendewera. Ine zimenezi ndinaziona kale, musandiuze za nambala."

Ndinkadziwa chimene ankanena. Zaka za m'mbuyomo anaika m'manda mwana wawo wamkazi, mlongo wawo wa amuna anga, amene anaonda pang'onopang'ono mpaka kutha, iwo akumusambitsa ndi manja awo. Kwa iwo kuonda kunalibe tanthauzo lina. Ndinawamvera chisoni, koma mantha anga anali aakulu kuposa chisonicho, ndipo mantha akandigwira ine amatulukira pakamwa.

"Amayi, mukufuna mwana wonenepa kapena wamoyo?"

Amalume anatsokomola. Apongozi anandiyang'ana ngati ndawamenya mbama. Mawu amenewo mkamwana sanena kwa apongozi ake, ndipo ndinkadziwa, koma mpaka lero sindinapeze ena amene ndikananena m'malo mwake. Ndinatembenukira kwa munthu mmodzi yekhayo amene akanatha kuthetsa nkhaniyo ndi mawu awiri.

"Bambo a ana, auzeni zimene ananena anamwino. Auzeni kuti mutu unasiya."

Amuna anga anali atayang'ana simenti, akuseweretsa chala pa bowo la lamba lija anaboola ndi msomali.

"Amayi akhale nafe kaye," anatero pamapeto pake. "Aziphika ndi iwowo."

Amalume anabwerera tsiku lomwelo. Apongozi anatsala, ndipo khitchini yanga inakhala yawo. Sipuni yanga yoyezera mafuta anaiika m'kabati. Ndikamachokera kusukulu, fungo la zokazinga linkandichingamira kumsewu: nkhuku yosambira m'mafuta, mazira, nyama ya nkhumba yamafuta ake omwe, thobwa la shuga wochita kumata milomo. Ankakhala pafupi ndi mwana wawo akamadya, n'kumamuwonjezera asanamalize. Sankachita zimenezi mwankhanza. Ankamenyana ndi imfa imene iwo ankaidziwa, ine ndikuona ina ikulowera khomo la kuseri, ndipo m'nyumbamo munalibe wondimvera. Njinga yamoto inayambanso kulira m'mawa.

Ndinadzitonthoza kuti bola amuna anga mapiritsi akumwa. Botolo lija linali litachoka patebulo n'kupita m'thumba la jekete, ndipo iwo anati amamwera kuntchito. Tsiku lina ndikufuna kuchapa jeketelo, ndinalipeza botololo lili lodzaza. Ndinawatsatira kuseri kwa nyumba kumene ankapukuta njinga.

"Ichi n'chiyani?"

"Tsitsani mawu."

"Sinditsitsa. Mwasiya liti?"

Anaponya kansalu pansi. "Mlonda anandiona ndikumeza piritsi m'mawa. Pofika masana esiteti yonse inali itadziwa kuti kapitawo ali pa mankhwala. Inu mumakhala ndi ana m'kalasi, ine ndimalamula amuna. Munthu amene akumumvera chisoni samulamula aliyense."

"Ndiye mufe kuti akuopeni?"

"Mutu sukundipweteka," anatero, n'kukwera njinga.

Unali ukuwapweteka. Ndinkawaona akutseka maso n'kudzitsina pamphumi akaganiza kuti palibe akuwaona. Thupi linabwerera msanga kuposa mmene linachokera, mpaka linapitirira. Lamba uja anamutaya n'kugula wina. Anthu anayambanso kuwaseka mwachikondi, mayi wa ku Phalombe uja anayambanso kundipatsa moni akumwetulira, ndipo wina anachita kundiuza kuti ndithokoze Mulungu pondipatsa apongozi odziwa kusamala. Ine ndinkangowerengera m'mutu. Ndikawaona akupuma movutikira pongokwera khonde, ndinkagawa makilo ndi msinkhu, n'kupeza nambala imene inkandisowetsa tulo. Ndinapempha mlamu kuti alankhule nawo, iye anati akuopa amayi. Foni yanga ndinasiya kuizimitsa m'kalasi, ngakhale kuti lamulo la pasukulu linali loti tizizimitsa, ndipo ikangolira, choko chinkandigwa m'manja.

Inalira m'mawa wina m'nyengo yosankha fodya, ndili pakati pa phunziro. Anali mlamu. Sanandipatse moni.

"Alamu, bwerani ku shedi. Fulumirani."

Ndinathamanga osatseka n'komwe chitseko cha kalasi. Ndinapeza amuna anga atawagoneka pa ziguduli, pansi pa mtanda womwe uja wopachikapo sikelo. Osankha fodya anati ankawaonetsa tsamba limene linaikidwa pa giredi yolakwika, kenaka tsambalo linangogwa m'dzanja lawo, iwo n'kumaliyang'ana modabwa. Pakamwa panali patapotokera mbali imodzi. Anandiona, anayesa kunditchula, koma panangotuluka mawu osamveka ndi malovu. Tinawakweza m'galimoto la pa esiteti n'kuthamangira nawo kuchipatala cha ku boma, mutu wawo uli pamiyendo panga, apongozi akulira mokweza n'kumaitana dzina la mwana wawo wamkazi uja.

Anapulumuka. Madokotala anati ndi sitiroko, mtsempha wa m'mutu unalephera kupirira kuthamanga kwa magazi. Mkono ndi mwendo wa kumanja zinafa, lilime linalemera, ndipo kumeza kunakhala ntchito yaikulu. Kwa miyezi yambiri chakudya chawo chinali phala lamadzimadzi, limene ndinkawamwetsa ndi sipuni ija ndinkayezera mafuta. Ukapitawo anapatsidwa munthu wina, ndipo tinasamukira m'nyumba ya aphunzitsi.

Apongozi sanabwerere ku Kaluluma. Tinkakhala m'nyumba imodzi, akazi awiri ndi munthu mmodzi woti timutembenuze, timusambitse, timukhazike padzuwa. Iwo ankachapa zofunda, ine ndinkadyetsa. Za khitchini panalibenso mkangano, chifukwa panalibenso chokanganirana. Mawu akuti "ndinanena ine" ankafika pa lilime langa m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawameza. Sikuti ndinali nditakhululuka. Ndinali ndi mkwiyo wokwanira mudzi wonse, kuyambira mlonda uja mpaka wokalamba wovula chipewa, koma ndikawaona mayi aja akupukuta malovu pachibwano cha mwana wawo, ndinkasowa poyambira. Thupi lija linasungunuka tikuona. Masaya analowa, khosi linatsala mitsempha, mkono wakufawo unauma kuposa unzake.

Atayamba kuima mogwiriziza, tinawatengera kuchipatala chaching'ono chija kuti akawaone ndi kukatenga mapiritsi, amene tsopano ankamwa popanda wowaona kapena wowanena. Namwino wachikulire uja anali atasamutsidwa. Tinapeza mtsikana wansangala, wolankhula mofulumira, amene sankatidziwa. Atayeza kuthamanga kwa magazi, anati akufuna makilo ndi msinkhu. Tinawavula nsapato. Ine ndinagwira mbali ya kumanzere, apongozi mbali ya kumanja, n'kuwakweza pa sikelo movutikira.

"Asiyeni pang'ono, amayi, mukawagwira sikelo inama," anatero namwinoyo.

Tinachotsa manja, koma osawapititsa patali. Amuna anga anaima ndi mwendo umodzi wamoyowo, akunjenjemera thupi lonse, maso ali pakhoma. Namwinoyo atangonena kuti 60, tinawagwiranso asanagwe. Pa thabwa loyezera msinkhu tinachita kuwawongola msana ndi manja. Mtsikanayo anadina foni yake, n'kuyang'ana tchati chija, chimene chinali chidakali pamalo pake pomwe paja.

"Nambala yawo ndi 23," anatero akumwetulira. "Pobiriwira penipeni. Mayi, mukuwasamala bwino bambowa."

Sanalakwitse masamu, ndinali nditawerengera kale m'mutu iye asanadine foni. Nambala imene ndinaifunafuna ndi bonongwe ndi sipuni, imene ndinanyozedwa nayo pa mjigo ndi pabalaza panga pomwe, inali itafika. Ndinakumbukira namwino woyamba uja akunena kuti nambalayi siuza zonse. Ndinafuna kuseka, ndinafuna kukuwa, koma ndinangoti zikomo.

"Wati vichi?" anandifunsa apongozi m'Chitumbuka kuti namwinoyo wati chiyani, ngakhale kuti anali atamva bwinobwino.

"Akuti thupi lawo lili pamuyeso, amayi."

Tinawakhazika amuna anga pabenchi, ine n'kugwada kuti ndiwaveke nsapato. Nditadzutsa mutu, ndinaona zala za apongozi zili pamalo paja, pakati pa chigongono ndi phewa. Zinkafinya pang'onopang'ono, kufunafuna pomira, koma panali khungu ndi fupa basi. Anafinyanso mwamphamvu, mpaka zikhadabo zinasiya zizindikiro. Mwana wawo ankangoyang'ana pazenera, kumene ngolo ya ng'ombe inkadutsa itasenza mabelo.

"Amayi, mkono umenewo sakuumva," ndinatero. "Gwirani winawu."

Ndinasuntha kuti adutse. Anazungulira benchi pang'onopang'ono, n'kukhala mbali yanga ija. Anaika dzanja pamkono wamoyowo, ndipo sanafinye. Amuna anga anatembenuka n'kuwayang'ana.